Madzi a Disembala a Bambo Sauzande

Alamu anga, a Flywell Sauzande, sankatha kudutsa chomera osachigwira. Ngakhale kutchalitchi kwathu ku Tottenham ankayamba atembenuza tsamba la maluwa a paguwa kuti aone kunsi kwake, kenako nkukakhala pansi ngati palibe chachitika. Achemwali anga a Esnat, akazi awo, ankakonda kunena kuti, "Ine ndinalowa mitala osadziwa. Mkazi wamkulu wa bambowa ndi dothi." Ine ndine Phyllis, mng'ono wawo wa a Esnatwo, ndipo poti mlamu ndi munthu woseleulana naye, ndili ndi ufulu wowanena mmene ndifunira. Koma ndinene poyambirira kuti ndinkawakonda, ndipo chaka chimene ndikusimbachi ndinaonda ndi nkhawa chifukwa cha iwo.

Kwathu ku Ntcheu anali mlangizi wa zaulimi, uja wa njinga ya boma ndi kabudula wa khaki. Ankayenda m'midzi kuphunzitsa anthu za mizere, za manyowa, za kubzala ndi mvula yoyamba. Mu 1965 ndale zitavuta, dzina lawo linatchulidwa pamalo pamene dzina la munthu siliyenera kutchulidwa. Mnzawo wina anawatsina khutu, iwo nkusiya njinga itatsamira mtengo wa mango, ulendo wa ku Zambia. A Esnat anawalondola ndi ana awiri, ndipo mu 1972 banja lonse linafika ku London nkupeza zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsapato. Mlangizi wa zaulimi anakhala zaka zisanu ndi chimodzi opanda ngakhale kadothi kofesapo mpiru, akumata miyendo ya mipando m'fakitale.

Alamu sanafune kulembetsa kuti ndi othawa kwawo, poopa kuti mbiri ikafika kumudzi abale awo aona zakuda. Choncho ankakhala kuno ndi chidindo cha m'pasipoti cha chaka chimodzi chimodzi. Epulo aliyense ankapita ku ofesi yoona za alendo ku Croydon atanyamula kalata ya abwana yonena kuti ali pantchito. Popanda kalatayo chidindo panalibe, ndipo popanda chidindo chotsala chinali ndege yobwerera kumene anthu ankawadikira ndi unyolo. Nkhani imeneyi m'nyumba mwawo sinkakambidwa ana ali pafupi.

Kumayambiriro kwa 1978 fakitale ya mipando ija inatsekedwa. Pamenepo ine ndinali nditakhala kuno zaka zinayi, ndikugwira ntchito yotayipa pa kampani ina ya inshuwalansi ku Croydon komweko, pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Ukaima pazenera lathu unkaiona bwinobwino nyumba yaitali ya chidindo ija. Ndinalimba mtima nkukagogoda kwa manejala wathu, Bambo Paterson, munthu wamtali wosaseka wamba, nkuwapempha malo a mesenjala amene anali opanda munthu. Anavomera kuwayesa alamu chaka chimodzi. Kalata ya Epulo wa chaka chimenecho analemba, koma anandiuza poyera kuti ya chaka chamawa tidzaona.

Ofesi yathu inali chipinda chimodzi chachikulu, otayipa khumi ndi asanu ndi atatu, mazenera osatseguka, mahita otentha ngati uvuni, ndi utsi wa fodya pamwamba pa zonsezo. Kuyambira naini koloko mpaka faifi makina ankalira ngati matalala pa malata. Pofika masana mutu unkachita ngati waumanga ndi chingwe, kukhosi kouma gwa, maso ofiira psuu. Tinkayambana pa zinthu zopanda mchere, wina wasuntha mpando, wina wabwereka pensulo osabweza. Mkulu wa otayipa anali Mayi Ivy, mzungu wachikulire wobadwira ku Croydon, ndipo pambali pa tebulo lawo panali dengu la waya mmene ankaponyamo makalata olakwika oti titayipenso. Dengulo linkadzaza tsiku lisanathe.

Posamukira mu ofesi imeneyi kampani inagula maluwa a m'miphika makumi atatu. Ndikuti maluwa poti ndi mmene timanenera, koma ambiri anali masamba okhaokha. Ena anali otambalala onyezimira, ena oboola ngati adyedwa ndi mbozi, ena olendewera ngati udzu, ena oima njo ngati khonje. Analibe mwini. Anthu ankatsanuliramo tiyi wotsala ndi kuzimitsiramo ndudu, ndipo tonse tinali titasiya kuwaona.

Tsiku loyamba la ntchito alamu anatuluka m'chikepe atavala suti ya kutchalitchi, akukankha kangolo ka mafailo. Anangoyenda mapazi anayi nkuima. Ndinawaona akuwerama pa mphika wa pakhomo, akutola zotsalira za ndudu chimodzichimodzi nkumaika m'kampango kawo koyera.

"Alamu, mwabwera kudzanyamula mafailo kapena kudzapalira?" ndinawanong'oneza. "Mundichititsa manyazi first day yomwe."

"Mlamu, iwe tayipa," anatero osandicheukira. "Ichi chikulira. Sukuchimva?"

Ine sindinkamva chomera chilichonse. Ndinkamva mtima wanga wokha ukugunda, poti Bambo Paterson anali ataima pakhomo la ofesi yawo akuyang'ana. Koma anangobwerera m'kati.

Kuyambira pamenepo nthawi ya nkhomaliro ya alamu inasanduka ya kumunda. Anagula kheni yothirira, yaing'ono yobiriwira. Ankapukuta tsamba lililonse ndi kansalu konyowa, kufukula dothi ndi foloko, kuchotsa miphika pafupi ndi mahita, ndipo Lachisanu lililonse ankaitembenuza kuti mbali ina nayo ione dzuwa. Akapeza munthu akutsanulira tiyi mu mphika ankavula chipewa cha umesenjala nkunena mwaulemu wonse, "Mayi, pepani, ameneyu samwa tiyi wa shuga." Munthuyo ankaseka, koma sankabwerezanso.

Pofika Julayi chipinda chija simukanachizindikira. Masamba anabiriwira, ena anatulutsa mphukira mpaka kumalendewera pamwamba pa makabati. Ine sindine dokotala, sindingakuuzeni kuti tsamba limachita chiyani m'thupi la munthu. Chimene ndikudziwa nchakuti maso akatopa ndi zilembo tinkawapumitsa pa chinthu chobiriwira m'malo mwa khoma, ndipo mutu wa masana uja unachepa. Chifuwa chouma cha Mayi Ivy chinayamba kumveka patalipatali. Panali otayipa awiri, Bessie ndi Phoebe, amene anatha chaka osalankhulana ngakhale matebulo awo anali ogundana. Alamu, amene ankaona zambiri kuposa zimene ankanena, anaika chomera chachitali pakati pawo. Sabata yoyamba aliyense anasangalala kuti sakuona nkhope ya mnzake. Sabata yachitatu anayamba kutsutsana kuti tsamba latsopano latulukira mbali ya yani. Pakutha pa mwezi ankadyera limodzi masangweji pansi pa chomeracho. Dengu la Mayi Ivy linayamba kugona lili theka.

Bambo Paterson anaziona. Tsiku lina anaitana alamu mu ofesi yawo nkuwaonetsa chomera cha masamba onyezimira chimene chinkakhala pakona, chachitali kufika m'chiuno. Anati achisamalire chimenechonso. Mayi Ivy anandinong'oneza kuti chomeracho anawagulira ndi akazi awo asanamwalire, ndipo palibe wina amene ankaloledwa kuchikhudza. Madzulo amenewo m'sitima alamu anakhala chodzikweza ngati apatsidwa unduna. Ine ndinati basi, kalata ya Epulo ili m'thumba.

Ndinathamanga kukondwa. Chaka chilichonse Novembala akamatha alamu ankasowa mtendere m'thupi. Ankadzuka m'mamawa kwambiri, kuyang'ana kumwamba, kununkhiza mphepo. A Esnat ankati mabingu a ku Ntcheu amawamva ali ku Tottenham. Zaka zonse zija manja ankangowayabwa pachabe, koma chaka chino anali ndi munda wa miphika makumi atatu ndi umodzi. Kunja kunali chisanu choopsa, mdima unkagwa folo koloko. Koma m'kati mahita anali moto.

"Muno mwafunda ngati Disembala wa kwathu," anandiuza akudzaza kheni. "Ino ndiyo nthawi yoti mbewu idye, imwe, ikule."

Anayamba kuthirira m'mawa ndi masana. Anathira feteleza ngati akubereketsa chimanga. Tsiku lotsekera Khrisimasi anathirira kawiri nkudzazanso timbale ta pansi pa miphika, ati mbewu zisavutike masiku a tchuthi. Ine ndinkaona zonsezi, ndipo ndivomere kuti sindinakayike. Munthu wa setifiketi ya zaulimi ndikanamuuza chiyani ine wotayipa?

Titabwerera mu Januwale masamba anali atayamba chikasu ndi kuzyolika. Alamu ataona kuzyolikako anati ndi ludzu, nawonjezera madzi. Tintchentche ting'onoting'ono tinayamba kuuluka pamwamba pa miphika, ndipo m'chipindamo munkamveka kafungo ka kudambo. Mayi Ivy, amene kwawo anali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, anayesa kulankhula.

"Bambo Sauzande, kodi madziwa sakuchuluka?"

Alamu anamwetulira ngati akuyankha mwana wa sukulu. "Mayi, zaulimi ndinaphunzira zaka zitatu, ndaphunzitsa anthu zaka khumi. Musadandaule."

Mayi Ivy anangokweza mapewa nkubwerera pampando. Pajatu safunsa anadya phula. Masamba anayamba kuyoyoka, m'mawa uliwonse tinkawapeza pakapeti. Nafenso tinayoyoka nawo. Mutu unabwerera, mikangano inabwerera, Bessie ananena Phoebe kuti ndi amene wapha chomera chawo ndi utsi, dengu nkuyambanso kusefukira.

Sabata yoyamba ya Febuluwale Bambo Paterson anandipatsa kalata yoti nditayipe yopita ku likulu la kampani. Ndinawerenga mizere iwiri yoyamba nkuibwerezanso. Likulu linkafuna kuti mwa amesenjala atatu atsale awiri pofika kumapeto kwa Malichi, ndipo Bambo Paterson ankayankha kuti wochoka akhala amene analowa pomaliza. Mzere wotsatira unkanena kuti maluwa a m'maofesi akufa, ayesa a pulasitiki. Chidindo cha alamu chinkatha pa 4 Epulo. Kalata imeneyo ndinailakwitsa katatu, ndipo ulendo uliwonse ndikadzutsa mutu maso ankagwera pa nyumba yaitali ija pazenera.

Ndinapirira mpaka titakwera sitima ya ku Victoria. Pamenepo ndiye ndinawamasukira.

"Alamu, boss akuchotsa messenger mmodzi end of March, ndipo ndinu. Letter ya Epulo mukaitenga kuti? Mwaganizako za achemwali? Za ana? Mawa mukanene kuti ndi mahita apha maluwawo. Kapena munene kuti anagula odwala kale. Chilichonse!"

"Bodza, mlamu?"

"Bodza limene! Anzanu akukhala m'dziko muno ndi mabodza aakulu kuposa limeneli."

Anangoyang'ana manja awo mpaka ku Seven Sisters. Kunyumba a Esnat atamva anakhala pansi pakhitchini nkuphimba kumaso ndi chitenje, osalira mokweza kuopa ana. Ine mkwiyo unandigwira, ndipo sindinadziwe kuti ndikukwiyira alamu, maluwa, kapena dziko lathu limene linatitaya kuno.

Mkwiyo womwewo ndi umene unatipulumutsa. M'mawa mwake ndikudzuka pampando mwaukali ndinagunda mphika wa pambali pa tebulo langa. Unagwa nkusweka pakati. Simunatuluke dothi, munatuluka matope amadzi akuda bii, akuyenderera pakapeti, fungo lake ngati ngalande. Makina onse anasiya kulira. Alamu anasiya kangolo kawo, nagwada m'matopemo ndi buluku la suti, nanyamula mizu. Inali yakuda, yoterera, yonyenyeka m'manja. Anainunkhiza.

"Lowe," anatero.

Lowe ndi nthaka ija yosunga madzi, imene chimanga chimachita chikasu nkufa chili m'madzi. Mlimi aliyense wa ku Ntcheu amaidziwa, ndipo ambiri anaidziwira kwa alamu anga omwewa.

"Ine Sauzande," anapitiriza, akulankhula okha, "ndapanga lowe pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Walira mvula walira matope."

Kenako anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chibadwire changa. Ali chigwadire anatembenukira kwa Mayi Ivy, navula chipewa.

"Mayi, munandiuza, ine osamva. Ndiphunzitseni. Kuno zomera zimatani mu Disembala?"

"Zimagona, Bambo Sauzande," anatero Mayi Ivy mofatsa. "Sizitsata kutentha kwa mahita, zimatsata dzuwa. Dzuwa likachepa zimasiya kukula, zimasiya kumwa. Muzisiye mpaka masiku atalike."

Alamu anayang'ana pazenera, kumwamba kotuwa ngati phulusa. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala pansi pa thambo limenelo, koma ndikhulupirira kuti tsiku limenelo ndi limene analiona koyamba. Anadzuka, napukuta manja, nalunjika ku ofesi ya Bambo Paterson mawondo ali matope okhaokha. Ine ndinatola mapepala alionse nkuwatsatira, ngati ndili ndi choti asayine.

"Bwana, maluwa ndapha ndine," anatero alamu. "Si mahita. Ndawathirira ngati ndili kwathu, kumene mwezi uno ndi wa mvula. Ndikupempha mundilole ndiyese kupulumutsa otsala."

Ndinatseka maso. Ndinati basi, munthu wadzimangirira yekha. Bambo Paterson anayang'ana pakona. Chomera cha akazi awo chinali chitatsala ndi masamba atatu, limodzi likulendewera.

"Chimenechi chinakhala nane zaka zisanu ndi zinayi," anatero ndi mawu otsika. "Ndinakupatsani chili ndi moyo."

"Ndikudziwa, bwana."

"Mpaka kumapeto kwa Malichi muli pantchito, chitani zimene mungathe. Sindikulonjeza kanthu."

Loweruka m'mawa tinapita anthu anayi, alamu, a Esnat, Mayi Ivy ndi ine. Tinayala manyuzipepala pansi nkuzula chomera chilichonse. Alamu ankadula mizu yowola ndi mpeni, napaka phulusa pamabala monga ankachitira ndi mbewu kwathu, Mayi Ivy nkumasakaniza dothi louma ndi mchenga. Zomera khumi ndi chimodzi zinali zitapita, tinazitaya. A Esnat, amene masiku atatu anali asanaseke, anayang'ana amuna awo akupukuta muzu ngati akusambitsa khanda.

"Mkazi wanu wamkulu mwamumiza nokha, bambo," anatero. "Ine ndilibe mlandu."

Alamu anaseka mpaka kukhosomola, nafenso tinaseka, Mayi Ivy nkumaseka nawo osadziwa chimene chanenedwa. Pomaliza alamu anatenga kheni yawo, naitsekera m'kabati ya matsache, nandipatsa kiyi.

"Sunga iwe. Ndikakhala nayo ndithirira. Manjawa samva."

Ntchito yovuta koposa inali imeneyo, yosachita kanthu. Munthu wozolowera kuthandiza mbewu tsopano ankangoyenda kuiyang'ana ikuoneka ngati ikufa. Mayi Ivy anawaphunzitsa kulowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, chikatuluka chouma ndiye athirire, pang'ononso. Tsiku lililonse ankabwera patebulo panga.

"Mlamu, kiyi."

"Ndione chala."

Ankachitambasula ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ndikaona dothi lakakamira ndinkapitiriza kutayipa.

"Koma chija cha pakona chikuoneka kuti chili ndi ludzu."

"Ludzu lili ndi inu, alamu. Pitani mukapereke mafailo."

Maluwa a pulasitiki anabwera asanu ndi limodzi oyesera. Ndisaname, anali okongola kuposa timitengo tathu tometedwa tija. Koma patapita masiku awiri palibe amene ankawayang'ana, poti lero ndi mawa anali chimodzimodzi. Bessie anayamba kupachikapo mpango wake. M'malo mwake aliyense anadzisankhira mphika wodwala nkumaulondera. M'mawa anthu asanavule makhoti ankayamba aona ngati wawo wasintha. Mlendo wina atafuna kuzimitsira ndudu mu mphika wa pakati pa Bessie ndi Phoebe, awiriwo anamukalipira pamodzi mpaka anapepesa. Ndi mmene anagwirizanirananso.

Pakati pa Malichi Mayi Ivy ananyamula dengu lawo lodzaza nkukaliika patebulo la Bambo Paterson, chitseko chili chotsegula.

"Mu Julayi dengu ili silinkafika theka," anatero. "Atsikana ndi omwewa, makina ndi omwewa. Chinasintha ndi chimodzi chokha. Muwauze a ku likulu."

"A ku likulu sawerenga madengu, Ivy," anayankha Bambo Paterson.

Mayi Ivy anatuluka nkhope ili gwa, dengu nkulisiya pomwepo. Ine chiyembekezo chinandithera. Masiku anayamba kutalika, miphika ina inaonetsa timphukira, koma cha mu ofesi ya abwana chinangoima ngati ndodo, chitatsala ndi masamba awiri. Alamu ankalowamo m'mawa uliwonse, kulowetsa chala, kutuluka. Kunyumba a Esnat anali atatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati, ati akungofuna kupukuta fumbi. Tonse tinkadziwa kuti si fumbi.

Lolemba lomaliza la Malichi, cha m'ma teni koloko, chitseko cha Bambo Paterson chinatseguka mwamphamvu.

"Sauzande!"

Alamu anasiya kangolo, nakonza tayi, nalowa ngati munthu wopita kukamva chigamulo. Chitseko chinatsekedwa. Mphindi zisanu, mphindi khumi. Palibe amene ankatayipa. Kenako chinatsegukanso.

"Phyllis, bwera ndi kabuku kako."

Ndinatenga kabuku nkulowa. Ndinapeza alamu atanjuta pakona, ndipo Bambo Paterson anapita kukanjuta pambali pawo, amuna awiri aakuluakulu mitu itatsala pang'ono kugundana. Pansonga pa ndodo ija panali kanthu kofiira kosongoka ngati tsabola, kosakwana chala cha mwana. Linali tsamba latsopano lisanatambasuke. Bambo Paterson anali atavula magalasi, akuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Lachisanu panalibe," anatero.

"Panalibe, bwana. Kadzuka wikendi yomweyi."

Anaimirira, natsokomola, nabwezera nkhope yawo ya masiku onse. Anati nkhani ya dengu anaitumiza ku likulu sabata yomwe ija, ndipo yankho lafika m'mawa uno. Amesenjala atsala awiri monga likulu lafunira, koma alamu sawerengedwanso ngati mesenjala. Akhala wosamalira zomera za nsanjika zonse za kampani, ntchito yokhazikika, ndipo za pulasitiki zibwerere kwa eni ake. Akanatha kuwauza yankho lija atangolowa, koma anayamba awaonetsa kaye katsambako.

"Lemba," anandiuza. "Kwa amene zikuwakhudza. Bambo Flywell Sauzande ndi wantchito wathu wokhazikika."

Zina zonse ndinazilemba ndikuona mwachimbuuzi chifukwa cha misozi. Koma kalata imeneyo ndinaitayipa osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. Mayi Ivy anaiwerenga kawiri, naiyang'anitsa pazenera, nkundibwezera akumwetulira. Ndinakalowa kuchimbudzi nkulira mpaka mtima unakhala pansi. Milungu isanu ndi iwiri ndinali ndisanapume mpweya wofika m'mimba.

Lachitatu m'mawa alamu anakaima pamzere kunyumba yaitali ija, a Esnat ali pambali pawo. Ife tinkangosuzumira pazenera ngati tingawaone m'chigulu cha anthu. Anatulukira m'chikepe itangokwana thu koloko, alamu nakweza pasipoti m'mwamba itatsegulidwa pa tsamba la chidindo. Chipinda chonse chinawomba m'manja. A Esnat, amene anali asanalowepo mu ofesi ya azungu tsiku la ntchito, anaimba nthungululu mpaka a nsanjika yachisanu anabwera kudzafunsa ngati kwabuka moto. Madzulo amenewo masutikesi anabwerera pamwamba pa kabati.

Alamu anagwira ntchito imeneyo mpaka anapuma mu 1988. Miphika inachuluka kupitirira zana, yambiri yochokera ku timphukira ta zopulumuka zija. Anthu a nsanjika zina ankawaitana kuti adzaone chomera chawo, nkumathera kuwauza mavuto a kunyumba iwo akupukuta masamba. Chomera cha Bambo Paterson chinakula mpaka kugunda kudenga. Mu 1982 a boma anawapatsa alamu chidindo chosatha, ndipo tinasiya kuopa Epulo. Ku Ntcheu sanabwerereko m'zaka zonsezo, ndipo njinga ija sitinamve kuti anaitenga ndani.

Nyengo za kuno anazidziwa kuposa eni dziko, moti Mayi Ivy omwe ankabwera kudzawafunsa za kadimba kawo. Koma manja aja sanamve mpaka kalekale. Chaka chilichonse Disembala akangoyamba ankabwera patebulo panga osaitanidwa, nkuika kiyi ya kabati ya matsache pafupi ndi makina. Kenako ankaima pazenera, manja onse awiri m'matumba, akuyang'ana mdima wa folo koloko.

"Mlamu, kwathu akubzala."

"Akubzala, alamu."

"Sunga kiyiyo. Ndikakupempha usandipatse."